MALUWA A M'MAPIRI NDI PHUNZIRO LA ZACILENGEDWE

A Wapampando, ndi inu aphunzitsi anzanga a ku Katete, Sinda ndi Vubwi: ine ndine mwana pakati panu, koma mundilole ndinene za kanthu kakang'ono.

Ku mapiri a Nyika, amene cigawo cace cina ciri m'dziko lathu lino, kumamera timaluwa tofiirira tochedwa Brachythrix. Dzinali ndi la Cigriki, ndiye kuti "tsitsi lalifupi", cifukwa ca tiubweya tatifupi tokhala pamutu pa njere zace. Mitundu yace siifika ndi khumi lomwe. Anatipatsa dzinali ndi Hiram Wild ndi Gerald Pope m'caka ca 1978, ndipo mtundu umodzi anaucha pawekiae, kulemekeza Jean Pawek, mphunzitsi wa ku Mzuzu amene anatola ndi kuumitsa zomera zikwi zambiri. Taonani, nchito yace inali ya coko ndi bolodi monga yathuyi.

Nyika iri kutali ndi ife, koma abale a timaluwato ali pakhomo pomwe: mpendadzuwa wa m'minda mwathu, ndi cisoso cimene amai amaphika ndiwo. Nyemani mutu wa mpendadzuwa pamaso pa ana. Adzaona kuti cimene timaciyesa duwa limodzi ndi mudzi wa timaluwa mazanamazana, kalikonse kobala njere yaceyace, ndipo zacikasu za m'mbalizo n'zoitanira njuci. Mwana woona ici ndi maso ace saiwala. Woloweza za m'buku amaiwala mayeso akangotha.

Cimene cindibvuta mumtima ndi ici: ana athu amajambula duwa la rozi limene sanalionepo, koma maina a zomera za m'phiri la Mphangwe sawadziwa. Owadziwa ndi agogo, ndipo agogowo alikutsirizika mmodzimmodzi, mainawo osalembedwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Mvula ikamakata, kwerani ndi ana phiri liri pafupi ndi sukulu yanu. Thyolani nthambi imodzi yokhala ndi maluwa ndi masamba, osazula tsinde ai. Iikeni pakati pa manyuzipepala, mutsendereze ndi njerwa, ndi kusintha mapepalawo tsiku ndi tsiku kufikira itauma. Mwana alembe malo, tsiku, maonekedwe a duwa, ndi dzina limene mkulu wa pamudzi wachula, pamodzi ndi nchito yace. Pa msonkhano ulinkudza tidzabwere nazo, tilinganize ngati dzina la ku Vubwi ndi lomwe la ku Sinda.