Chilwa ikadzaumanso, tisadzati sitinadziwe



Ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndiyankhule za kafukufuku ndi malamulo a boma. Mutuwu ukumveka ngati wa anthu a ku yunivesite eti? Ine ndiutengera ku Nyanja ya Chilwa, komwe kumachokera matemba amene timadyera nsima.

Nyanja imeneyi ndi yosazama, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, nyanjayo imaphwa. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri adangokhala pamatope.

Akatswiri a Yunivesite ya Malawi ku Zomba akhala akuifufuza nyanjayi kuyambira m'ma 1960. Chimodzi chomwe adapeza n'chakuti madzi akaphwa, nsomba sizifa zonse. Matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo. Madzi akabwerera, zotsalazo ndi zimene zimaswana n'kudzazanso nyanja. Ndiye mukapha za m'maiwezo, mwadya mbewu.

Nzeru imeneyi idagwira ntchito mu 1995. A nthambi yoona za nsomba adakhala pansi ndi mafumu komanso asodzi, adakhazikitsa makomiti, n'kuletsa kupha nsomba ndi katupe m'mitsinje. Nyanja itadzaza, nsomba zidabwerera. Mu 1997 kudabwera lamulo lopatsa anthu akumudzi mphamvu yoyang'anira nawo usodzi. Mwaona? Wofufuza adanena, wolamula adamva.

Koma si nthawi zonse zimayenda chonchi. Ofufuza akhala akuchenjezanso kuti kudula mitengo m'mapiri ndi kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje kukukokolera dothi m'nyanja. Malamulo oteteza nkhalango alipo, koma makala akutsikabe panjinga m'mawa uliwonse. Komanso kum'mawa nyanjayi idachita malire ndi Mozambique, ndipo madzi ena amachokera komweko. Lamulo logwira mbali imodzi yokha silingaipulumutse.

Nanga ife tikulowa pati? Malipoti ambiri a kafukufuku ali m'Chingerezi chovuta, ndipo amathera m'mashelefu. Msodzi wa ku Kachulu sawaona, mwinanso khansala sanawawerengepo. Ife tidafika Fomu 4, tili ndi mafoni, timatha kuwerenga. Pempho langa ndi ili: mwezi uno tipeze lipoti limodzi lokha la Chilwa, tilimasulire m'Chichewa patsamba limodzi, tikaliwerenge ku msonkhano wa VDC. Tikatero tifunse a khansala kuti pa zomwe zalembedwazi, khonsolo yachitapo chiyani.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Atsogoleri azifunsa ofufuza asanapange lamulo, ifenso tiziwafunsa atsogoleriwo. Chilwa idzaphwanso ndithu, ndipo omwe adzakhale ndi ana ofuna ndiwo nthawi imeneyo ndi ifeyo.