Ndalama za chitukuko zilembedwe poyera

Zomwe analankhula khansala pa msonkhano wa ADC

Ndiyambe ndi mjigo wa kuseri kwa sukulu uja, umene unauma patangotha miyezi itatu chiukumbireni. Tinalozana zala, ena ankati ndi komiti, ena ankati ndi ine. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti kontrakitala anapatsidwa zingati, kapena kuti mgwirizano unati akumbe mamita angati. Zonsezo zinalembedwa, koma zinagona m'failo ku boma. Tikanazidziwa, tikanaima pomwepo tsiku lokumba, n'kumawerenga mapaipi akulowa pansi, ndipo tikanakana kusainira ntchito yosakwanira.

Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wodziwa zomwe boma likusunga. Lamulo lokhudza ufuluwu aphungu analivomereza mu 2016, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Ofesi ikakana kukuyankhani, mukhoza kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission.

Komabe mayi wa kumudzi asamawononge ndalama ya kabaza kukafunsa zomwe ndi zake kale. Ndikapempha khonsolo kuti miyezi itatu iliyonse izimata m'Chichewa, pasukulu, pachipatala ndi pamsika, ntchito zonse za CDF ndi DDF: mtengo wake, woigwira ndi tsiku lomaliza. Kuziika pa intaneti pokha n'kuuza anthu ochepa.

Inu a VDC, mulembe ntchito zonse zimene zinaima m'midzi mwanu, mubwere nazo pa msonkhano wa mwezi wamawa.