Kodi Nyimbo ya Pamtondo Nja Yani?

 Nkhani ya lero ndi ya mwini nyimbo.

Mbuzi ikabedwa, mwini wace aona m'mawa kuti m'khola mwacepa. Koma nyimbo ikabedwa, woipeka akhala nayobe pakamwa, cotero sazindikira kuti pali cimene cacoka. Cocokaco ndico ndalama.

Tamvani za Solomon Linda, Mzulu wa ku Johannesburg. M'caka ca 1939 iye ndi anzace anaimba nyimbo yochedwa Mbube m'nyumba yojambuliramo mau ya kampani ya Gallo, ndipo analandira masheleni 10. Mbale ya galamafoniyo inaoloka nyanja. Ku America anasintha dzina lace kukhala Wimoweh, ndipo m'caka ca 1961 anaikamo mau a Cingerezi naicha The Lion Sleeps Tonight. Ena analemera nayo zedi. Linda anamwalira m'caka ca 1962 ali mmphawi. Mlandu wa ana ace unafika kubwalo m'caka ca 2004, ndipo anagwirizana za malipiro m'caka ca 2006. Cimene cinawathandiza ndi lamulo lakale la Angerezi la 1911, lonena kuti pakapita zaka 25 wopeka atamwalira, umwini ubwerera kwa olowa m'malo mwace. Zaka 44 zinapita cimwalirire bamboyo!

Muno m'Zambia lamulo la 1994 licinjiriza wopeka nyimbo moyo wace wonse, ndi zaka 50 pambuyo pa imfa yace. Liliponso bungwe la ZAMCOPS, limene litolera ndalama ku nyumba za wailesi ndi malo ena oseweretsa nyimbo ndi kuzipereka kwa eni ace.

Koma onani, Linda anali ndi dzina, ndipo cifukwa ca dzinalo mlandu unatheka. Nanga nyimbo zimene amai Acinsenga aimba posinja cimanga m'midzi ya ku Sasare? Mai wina aiyamba podandaula za mwamuna amene anapita ku migodi osatumiza kalata, mnzace aonjezapo mau onyoza apongozi, mwana wamkazi aitola nakula nayo. Palibe angaloze woyamba. Nyimbo za Ansenga zinajambulidwa kale: m'caka ca 1961 John Blacking, mphunzitsi wa ku Johannesburg, anadza ku Petauke nalemba za kaimbidwe ka kalimba. Iyeyo anadzera maphunziro, osati malonda. Koma mau akalowa m'makina ayenda okha, ndipo wogwira caciwiri sakhala ngati woyamba. Mnyamata wa gitala ku Lusaka akaitenga nyimbo ya agogo ace naikapo dzina lace, ndalama zonse zimka kwa iye.

Cifukwa cace m'caka ca 2016 Boma linaika lamulo lina locinjiriza nzeru ndi miyambo ya makolo. Wofuna kucita malonda ndi nyimbo, gule kapena nthano za mtundu wa anthu ayenera kuyamba wapempha cilolezo kwa eni mwambowo, ndi kugawana nao phindu.

Lamuloli ndi labwino, koma nchito yace njobvuta. Wolola ndani, mfumu, nyakwawa, kapena amai osinjawo? Ndiponso nyimbo ya pamtondo iyenda ndi ukwati. Mkazi wa ku Sasare akakwatiwa ku Nyimba amka nayo, ndipo zikapita zaka ziwiri a ku Nyimba alumbira kuti nja kwao.