ULENDO WANGA M'MUTU WA SITIMA KUCHOKERA KU NKAYA KUFIKA KU NAYUCHI

Komiti inandipempha kuti ndisimbe za ntchito yanga ya kunjanji. Koma poti ntchito ya ukalaliki ilibe zambiri zosimba, ndasankha kukuuzani za tsiku limodzi lokha.

Munali m'chaka cha 1994, m'nyengo ya chilimwe, pamene akuluakulu anandituma kuperekeza katundu mpaka kumalire, ndipo anandipatsa chilolezo chokhala kutsogolo pamodzi ndi dalaivala ndi womuthandiza. Tinali ndi mabogi odzaza fodya wopita kudoko la Nacala.

Ambiri a inu mukukumbukira kuti njanji imeneyi inatsegulidwa m'chaka cha 1970. Imapatuka pa Nkaya m'boma la Balaka ndi kuyenda makilomita pafupifupi 100 mpaka pa Nayuchi. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Nacala mu 1984, ndipo katundu wathu ankazungulira pa malole mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam pa mtengo wokwera zedi. Sitima zinayambanso kuyenda mu 1989 asilikali akulondera, koma mitima inakhala pansi pamene mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Choncho ulendo wathu unali wa masiku oyamba a mtendere.

Chimene chinandidabwitsa nditangolowa nchakuti munalibe chiwongolero. Nditafunsa, dalaivala anaseka nati, "Achimwene, sitima sikhota ayi. Imene imakhota ndi njanji." Anandionetsa chogwirira chowonjezera mphamvu, cha mabuleki, ndi cha hutala. Anafotokozanso kuti injini ya dizilo ija siyendetsa mawilo mwachindunji. Imapukusa makina opanga magetsi, ndipo magetsiwo ndiwo amazunguza mawilo.

Tinafika pa Liwonde dzuwa likutuluka. Kuwoloka Shire uli m'bogi ya anthu ndi kwina, kuwoloka uli kutsogolo ndi kwinanso. Umaona zitsulo ziwiri zokha zitalunjika pamwamba pa madzi, asodzi ali m'mabwato pansi pako. Ine ndinagwira mpando ndi manja awiri, anzanga aja namandiseka.

Kuchoka pa Liwonde ndiye kunayamba chitunda. Chigwa cha Shire chili pansi, pamene dera la nyanja ya Chilwa lili pamwamba ndi mamita pafupifupi 150, ndipo sitima yolemera imawamva mamita amenewo. Injini inabangula, liwiro linatsika mwakuti munthu wa panjinga akadatipitirira. Mawilo atayamba kuterereka, dalaivala anatsegula mchenga umene umathirika panjanji kutsogolo kwa mawilo, ndipo tinagwiranso. Tinadutsa Molipa mapiri ali kudzanja lamanja, mpaka tinaona phiri la Chikala, kumene mfumu Kawinga inali ndi linga lake kufikira pamene inagonja kwa Angerezi mu 1895. Phiri limeneli tinkalijambula m'kope pa phunziro la mbiri, koma tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake mfumu inasankha malowo: munthu ali pamwamba amaona aliyense wobwera.

Tsono apa mpamene panachitika chimene ndadzera.

Titatsiriza chitunda sitima inayamba kuthamanga. Potuluka pa khona lina tinaona kamnyamata ka yunifolomu katakhala panjanji penipeni, kataweramira phazi, kakuzula munga. Dalaivala analiza hutala osalekeza, naponya mabuleki onse. Zitsulo zinalira, mabogi anagundana kumbuyo, koma sitima inkangopitabe. Kamwanako kanadzutsa mutu, kanationa, koma mantha anakaumitsa thupi. Ine ndinatsinzina. Womuthandiza uja ndiye anakuwa kuti, "Wamukoka!" Mtsikana wina wokulirapo, kaya anali mlongo wake, anatulukira m'thengo namukokera kumbali. Sitima inakaima patali ndithu, titadutsa kale pamalo paja.

Kwa kanthawi panalibe wolankhula. Manja a dalaivala, bambo wa imvi amene anali atayendetsa sitima zaka zambiri, ankanjenjemera. Kenaka anati, "Mwaonatu achimwene. Wa galimoto amakhota, wa njinga amadumpha. Ine ndimangoyang'ana."

Anzanga, ndinachita manyazi, chifukwa ndinakumbukira zathu. Ndani muno amene sanaikepo msomali panjanji kuti sitima iuphwanye tipange kampeni? Ndani sanayendepo pachitsulo popita kusukulu pothawa mame a m'njira? Musandiyang'ane choncho a Msungichuma, tinkapitira limodzi! Sitinkadziwa kuti m'mutu wa sitima muli munthu amene mtima wake uli m'mwamba chifukwa cha ife.

Tinapitiriza ulendo kudzera ku Lambulira ndi Namanja. Cha kumeneko njanji imayenda pa mtunda wa mchenga umene umalekanitsa nyanja ya Chilwa kumwera ndi ya Chiuta kumpoto. Dziko ndi lathyathyathya, madambo ndi minda ya mpunga mbali zonse, mbalame za m'madzi zikuuluka m'magulu. Pa Nayuchi amayi ankagulitsa matemba ndi milamba yowamba. Kutsidya kuli Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza pakati pa nyanja ziwiri. Pamenepo tinapereka katundu kwa anzathu a ku Mozambique kuti apitirize makilomita opitirira 600 otsala. Zonsezi ndinaziona, koma maso anga anali akadali pa kamnyamata kaja.

Zinthu zasintha. Mu 1999 boma linapereka njanji kwa kampani ya Central East African Railways. Pambuyo pake njanji inakonzedwa mwamphamvu, ina yatsopano inamangidwa kuchokera ku Moatize kudzalumikiza pa Nkaya, ndipo njira yonse inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Sitima za malasha zimene zimadutsa kwathu kuno zimakoka mabogi opitirira 100. Ngati yathu yaifupi ija inalephera kuima msanga, nanga izi? Sitima yolemera chotere ikhoza kuyenda kilomita yathunthu mabuleki atagwira kale.

Pempho langa ndi ili. Chaka chilichonse timasonkha ndalama za mabuku ndi madesiki, ndipo nzabwino. Koma ndikupempha komiti kuti teremu iliyonse isankhe anthu awiri kapena atatu mwa ife okacheza ndi ana m'sukulu za pulayimale zoyandikana ndi njanji. Tikawauze zinthu zitatu zokha: asakhale kapena kuyenda panjanji, asadutse pansi pa mabogi ngakhale sitima itaima, ndipo asanawoloke aime, ayang'ane uku ndi uku, amvetsere. Izi sizilira ndalama zambiri, koma za thiransipoti basi. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ine dzina langa lilembedwe poyamba. Amene mukufuna kutsagana nane muonane ndi a Mlembi tisanadye nkhomaliro.