Mitima Iwiri ya Wophunzira Pobwerera Kwao

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za Misyoni m'boma la Lundazi)



Pamene mwana wa m'mudzi atsiriza maphunziro ace ku dziko lakutali, abale ace amayesa kuti mumtima mwace muli cimwemwe cokhacokha. Koma kawirikawiri wophunzirayo amamanga katundu wace ali ndi mitima iwiri. Mtima wina ulakalaka amai ace, nsima ya kwao ndi cinenero cimene anayamwira; wina ulira cifukwa ca abwenzi amene anamsunga m'nyengo ya cisanu, ndi nyumba za mabuku zimene sadzalowamonso. Nkhani imeneyi iyenera aphunzitsi a kumidzi, pakuti onse omka kutali amayambira pa bolodi la sukulu ya kwao.

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 okha, ndipo Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Isanafike nthawiyo, ambiri ofuna maphunziro apamwamba anali kumka ku Fort Hare, ku Makerere, ku India kapena ku Ulaya, ndipo yense wa iwo anaona tsiku lakutsazika. Kulemera kwa tsikulo kuoneka bwino m'mbiri ya amuna atatu a tsidya la malire ku Malawi, kumene anthu a kuno ali ndi abale ambiri.

Woyamba ndiye Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu, amene anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College ku America mu 1917. Iye anasiya dziko limene linamphunzitsa, nabwera ndi mkazi wace mu 1921, koma Boma la Nyasaland silinamlole kukhala, popeza linali kukumbukirabe nkhondo ya John Chilembwe ya 1915. Anamka nakagwira nchito ku Liberia, ndipo analoledwa kulowa kwao mu 1926, natsegulanso Providence Industrial Mission. Taonani munthu amene anatsazika alendo kuti akatumikire kwao, napeza khomo la kwao lili lotseka!

Waciwiri ndiye Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu, m'dziko la Mwase. Anacoka akali mnyamata, nagwira nchito ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, nafika ku America mu 1925. Anatsiriza pa Yunivesite ya Chicago mu 1931 ndi pa Meharry mu 1937, ndipo mu 1941 analandira makalata a udotolo ku Edinburgh. Pamenepo anafuna kubwerera, koma njira inatsekeka, pakuti anamwino Acizungu a ku Livingstonia sanafune kugwira nchito pansi pa dotolo wakuda. Tsono anakhazikika ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, kumene odwala ambiri Acizungu anamkhulupirira, kufikira 1953 pamene anasamukira ku Gold Coast.

Anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 July 1958, atatha zaka zoposa 40 ali kunja. Polankhula ndi makamu a anthu ananena Cingerezi, wina nkumamasulira. Cozizwitsa ndi ici: munthu yemweyo ali ku Chicago ndiye anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Cicewa limene linasindikizidwa mu 1937. Cinenero cili ngati khasu. Likakhala losalimira limacita dzimbiri. Za ulamuliro wace anthu aweruza mosiyanasiyana, ndipo si nkhani ya lero. Koma mbiri yace ionetsa kuti kucedwa kunja kuli ndi mtengo wace, ndi kuti nthawi zina mlandu wa kucedwako suli pa wophunzira yekha.

Wacitatu ndiye Legson Kayira, Mtumbuka wophunzira ku Livingstonia, amene ananyamuka pansi mu 1958 nafika ku Khartoum mu 1960. Anaphunzira pa Skagit Valley College ndi pa Yunivesite ya Washington, pambuyo pace ku Cambridge. Iye anamanga banja ku England, namwalira ku London mu 2012. Ena angamuche mchona, koma nkhani za m'mabuku ace zinazika mizu m'midzi ya ku Africa. Thupi linatsala, mtima wina unabwerera pa pepala.

Kodi mphunzitsi wa kumudzi atengepo ciani? Coyamba, aphunzitse ana kuti kukonda dziko limene linawacereza si kupandukira kwao. Akulu anati mlendo ndi mame. Wophunzira adziwa kuti sadzakhalitsa, ndipo cifukwa cace kutsazika kumpweteka. Wobwera akamachula abwenzi ace a kutali, asamuyese wonyada. Munthu wosalira posiya omsunga ndiye woyenera kumuopa, pakuti sadziwa kuyamika.

Caciwiri, mphunzitsi asunge cingwe. Kale inali kalata, lero ndi lamya ya m'manja, koma nchito ndi yomweyo: kumuuza wophunzirayo za mvula, za maliro, za denga la sukulu limene linasasuka, ndipo zonsezi m'Citumbuka kapena m'Cicewa, kuti lilime lace lisaume. Mwana amene waphunzira bwino kuwerenga ndi kulemba cinenero ca amai ace sacedwa kucipezanso.

Cacitatu, mphunzitsi akonze mudzi. Abale ambiri amayembekeza kuti wobwerayo adza ndi thumba la ndalama, pomwe iye wadza ndi nzeru zokha, ndipo nchito sanaipeze. Ena amamseka akaphonya mau, ena amamuopa. Mphunzitsi amuitane ku sukulu kuti alankhule ndi ana, amperekeze kwa mfumu ndi kwa akulu a mpingo, ndi kumpatsa nthawi yakuzolowera, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ngakhale mlendoyo ali mwana wa pakhomo pomwepo.

Nzoona kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mwambiwo uli ndi mangawa pa otsala kumudzi: wobwera ndi mitima iwiri apeze khomo lotseguka, mpando wakukhalapo ndi nchito ya manja ace.