Masamu a pa Chikopa cha Nyalugwe

Wapampando, Gogo Chalo, a hedi ndi aphunzitsi nonse, makolo, ndi inu ana athu amene mukulandira mphoto za masamu lero, ndakupatsani moni nonse.

Ndikufuna ndikuuzeni za bambo wina wa ku Scotland, James Murray. Anabadwira m'tauni yaing'ono ya Moffat m'chaka cha 1931, ndipo anaphunzira masamu pa yunivesite ya St Andrews mpaka kutenga digiri ya udokotala mu 1956. Poyamba ankawerengetsera kayendedwe ka madzi ndi mpweya. Kenako mtima wake unatembenukira ku zamoyo, ndipo mu 1983 anakhazikitsa likulu la masamu a zamoyo ku Oxford. Buku lake la mu 1989, Mathematical Biology, ophunzira akuliwerengabe.

Funso limene linamutchukitsa ndi loti ngakhale mwana woweta mbuzi angafunse: n'chifukwa chiyani nyalugwe ali ndi mawanga pomwe mbidzi ili ndi mizere? Katswiri wina wa masamu, Alan Turing, anali atapereka ganizo mu 1952, loti pakhungu la mwana amene akali m'mimba pakhoza kukhala timadzi tiwiri tolimbana. Kena kamayambitsa kuda, kena kamaletsa, ndipo koletsako kamafalikira msanga kuposa kanzake. Bambo Murray anatenga ganizoli nkuliyesa pa zikopa za misinkhu yosiyanasiyana. Anapeza kuti chachikulu ndi kukula ndi maumbidwe a khungu pa nthawi imene mawangawo akuikidwa. Khungu likachepetsetsa, ngati la mbewa, sipatuluka kanthu. Likakulirapo, mawanga amabwera. Tsono taonani mchira. Umanka nuwonda, ndipo kunsonga kulibe malo oti mawanga akhale awiri moyandikana, choncho amasanduka mizere yozungulira. Masamuwo ananena kuti nyama ya mawanga ikhoza kukhala ndi mchira wa mizere, koma ya mizere singakhale ndi mchira wa mawanga. Mukadzapita ku Majete kapena ku Liwonde, mudzayang'ane michira.

Apa ndi pamene ndimawalemekezera bambowa. Sankakhutira ndi kukongola kwa masamu papepala. Ankabwerera kwa nyama yeniyeniyo kukaona ngati yankho likugwirizana nayo.

Makolo ena mukuti, za nyalugwe zitithandiza chiyani ife? Masamu omwewo a kufalikira kwa zinthu anawagwiritsa ntchito pa chiwewe. Mu 1986, iye ndi anzake anawerengetsera liwiro limene matendawa angayendere pakati pa nkhandwe za ku England atalowa m'dzikomo, ndiponso kukula kwa malo oyenera kutchinjiriza kuti asapitirire. Kuno chiwewe timachidziwa bwino, chatilanda ana. Mukamva azaumoyo wa ziweto akunena kuti agalu 70 pa 100 alionse abayidwe katemera, dziwani kuti nambala yotereyi imachokera m'mawerengero a mtundu womwewu. Atasamukira ku Seattle, anafufuzanso mmene chotupa cha mu ubongo chimafalikira kupitirira pamene makina ojambulira amaonetsa.

Aphunzitsi, ndili ndi pempho limodzi. Teremu ino isanathe, wa masamu ndi wa bayoloje mulowe m'kalasi limodzi, muphunzitse phunziro limodzi. Yambani ndi mphutsi za udzudzu m'chithaphwi chakuseri kwa sukulu: ana aziwerenge tsiku ndi tsiku, ajambule girafu, anene okha zimene zichitike sabata yamawa.

Wapampando, ndapereka mwayi kuti muitane opambana.