MLENDO ASATSIRIZE NKHOKWE
Mau onenedwa pa Msonkhano ndi abale okhala ku Johannesburg



 Ife amene taimirira pamaso panu lero ndife ana anu okhala ku Johannesburg. Ena a ife ndife zidzukulu za macona amene anapita ndi Wenela kukagwira nchito m'migodi, isanagwe ndege ija ku Francistown m'caka ca 1974. Ena tinapita dzana lomweli pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Nkhani imene tadza nayo ndi ya makhalidwe oyenera munthu wozolowera dziko lolemera, pamene afika kudzaceza m'dziko losauka, lingakhale liri dziko la makolo ace.

Tiyambe ndi kuulula colakwa cathu. Caka cina tinafika kumudzi m'mwezi wa January, tiri ndi ana athu obadwira kunja. Tinanyamula nsaru, nsapato ndi lamya, koma cakudya sitinanyamule. Azakhali athu anatilandira ndi nthungululu, napha nkhuku tsiku loyamba ndi laciwiri lomwe. Ana atakana nsima ya mgaiwa ndi therere, m'mawa mwace tinaona mpunga, shuga ndi buledi pamphasa, ndipo sitinafunse kumene zinacokera. Tinakhala masabata atatu, ndi kubwerera okondwa. M'mwezi wa March tinamva kuti anagulitsa matumba awiri a cimanga kuti atisamale, ndi kuti mwezi wonse wa February anali kubandira m'minda ya eni pa ganyu, munda wao nulowa chire. Akuru anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma ife pocoka tinasiya njala m'nyumba.

Kuyambira pamenepo tinakhala pansi ndi kuphunzira zinthu zinai, zimene tifuna kuti mbale ali yense auze ana ace asanakwere basi kapena ndege.

Coyamba ndi cakudya. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo 84 mwa 100 ali onse anali a m'midzi. Anthu otere adya cimene analima caka catha. Kuyambira January kufikira March nkhokwe zambiri ziri pansi, ndipo iyi ndiyo nyengo imene ife tikonda kufika, popeza chuthi ca kunchito cigwa pa Khirisimasi. Cotero wobwera nyengo imeneyi atsogoze ndarama ya cimanga, ndipo adye cimene apeza: nkhwani, bonongwe, cigwada, usipa. Wokhoza kusankha, abwere atakolola, pakati pa May ndi August.

Caciwiri ndi madzi ndi thanzi. Kumene tikhala ife madzi aturuka pa mpopi. Kuno ndowa ya malita 20 isenzedwa pamutu kucokera ku mjigo, ndipo woisenza ndiye mlongo wathu kapena mwana wa sukulu. Wofuna kusamba kawiri pa tsiku atenge ndowa apite yekha. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala, pakuti kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Koma mlendo acite ici mofatsa, ndi kugawana madziwo ndi banja lonse, osati kudzibisira botolo lace ngati eni nyumba ali odetsedwa. Za malungo tinenetse. Ku Johannesburg ndi ku London kulibe udzudzu wopatsa malungo, cotero thupi la mwana wobadwira kumeneko silidziwa nthendayi, ndipo ngakhale wamkuru wakulira kuno ataya mphamvu yoilimbana nayo akakhalitsa kunja. Onse agone m'masikito, amwe mankhwala oteteza monga dotolo awauzira asananyamuke, ndipo thupi likatentha apite kucipatala tsiku lomwelo. Akasamba m'nyanja akumbuke likodzo.

Cacitatu ndi kuleza mtima. Magetsi ambiri a dziko lino acokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu January 2022, ngakhale a m'tauni anagona mumdima miyezi yambiri. Ndipo midzi yambiri sinaonepo waya nkomwe. Mlendo anyamule nyali yace, aphunzire kugona ndi nkhuku ndi kudzuka nazo. Minibasi inyamuka ikadzaza, ndipo mvula ikadula mlatho ulendo uima. Kukalipira kondakitala sikumanga mlatho.

Cacinai ndi pakamwa ndi thumba. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mwana wonena kuti cimbudzi cokumba cinunkha adzaiwala mau ace mawa, koma agogo ace adzawasunga kufikira kumanda. Tiwaletsenso ana athu kujambula nyumba yodontha kapena mwana wa usiwa ndi kuika pa Facebook eni ace osadziwa. Ndipo popeza mu November 2023 kwaca inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, munthu wa randi zocepa aoneka ngati mwini cuma. Asaonetse ndarama pabwalo, asanenerere mai wogulitsa tomato kufikira kumdyera phindu lace, ndipo asalonjeze malata kapena fizi imene sadzatumiza. Mphatso ya banja ipite m'manja mwa mwini mbumba, kuti isabale ndeu ife titacoka.

Tsono titembenukira kwa inu Mafumu athu, ndi mapempho awiri. Loyamba, muuze anthu anu kuti kugulitsa cimanga ca ana cifukwa ca mlendo si ulemu ai. Ife sitiri azungu, ndife ana a pakhomo. Atiuze zoona za nkhokwe tisanafike, ndipo tikafika atipatse khasu ndi ndowa monga apatsa ena onse. Laciwiri, pamene tibwera kudzakulonjerani, monga tapangana kuti ali yense wa ife azicita tsiku lofika, mulangize ana athu pamaso pathu za kupereka moni, za kulandira ndi manja awiri, ndi za kukhala pamaliro. Mau a mfumu alowa pamene mau a kholo alephera.

Azakhali athu aja sanatidandaulire ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo nkhani ya matumba awiri tinaimva kwa ena. Cifukwa cace tainena ife eni pamaso pa Msonkhano, ndipo tipempha Mlembi kuti ailembe m'kalata wozungulira, ifike kwa abale a ku Harare, ku Bulawayo ndi ku London mwezi wa December usanafike.

Ndife ana anu omvera.